Khomo limodzi la boma, koma kiyi ali m'thumba mwa ndani?

Aliyense amene akufuna kutiuza kuti dziko la Mozambique lalowa m'nyengo ya boma la pa kompyuta ayambe wakwera chapa ku Matema, atsate msewu wa N9 mpaka kumalire a Cassacatiza, akafunse mwini chigayo woyamba kukumana naye kuti mapepala a bizinesi yake ali kuti. Adzamulowetsa kuchipinda, adzamutulutsira jumbo yomangidwa ndi mphira. M'menemo muli pepala la NUIT, laisensi yochitira malonda, malisiti a msonkho, kalata ya malo yosainidwa ndi a nyakwawa, mwinanso mgwirizano wa fodya wa chaka chatha. Pepala lililonse linachokera ku ofesi yakeyake, tsiku lakelake, pa ulendo wakewake. Lina anakalitenga kuboma ku Chifunde, lina mumzinda wa Tete, mtunda wa makilomita oposa 200 kuchokera kumalire. Chiswe chikalowa m'jumbomo, kapena nyumba ikapsa, bizinesi yake yafa pamaso pa boma ngakhale chigayo chikulirabe.

Choncho pamene akuluakulu a ku Maputo akunena kuti wamalonda akhale ndi polowera pamodzi pa intaneti, dzina limodzi ndi nambala yachinsinsi imodzi, n'kuona zonse zimene boma linalemba za iye, ine sinditsutsa. Ganizolo n'labwino, ndipo munthu wa ku Mualadzi kapena ku N'sadzo, kwathu m'boma la Chifunde, ndi amene lingamupindulire kuposa wa mu Avenida 25 de Setembro ku Maputo, yemwe maofesi onse ali pakhomo pake. Chimene chikundiwawa n'chakuti lonjezo limeneli lakalamba tili kulimva, ndipo nthawi zonse amalikonza poganizira anthu amene salifuna kwenikweni.

Mu 2007 boma linakhazikitsa Balcão de Atendimento Único, BAÚ, kuti munthu wofuna laisensi asamazungulire maunduna. Pambuyo pake kunabwera e-BAÚ pa kompyuta. Msonkho uli ndi nambala yake, NUIT, ndi tsamba lake ku Autoridade Tributária. Kampani yolembetsedwa ili ndi nambala yake ina, NUEL, yochokera ku Conservatória do Registo de Entidades Legais. Wolemba antchito amalowa ku SISSMO ya bungwe la penshoni la INSS. Wodutsitsa katundu pamalire ali ndi Janela Única Electrónica. Chilichonse mwa izi chinakhazikitsidwa ndi nthetemya, ndi mawu akuti mavuto atha. Mu Ogasiti 2022 a Filipe Nyusi analengeza mfundo 20 zofulumizitsa chuma, ndipo kupeputsa mapepala a bizinesi kunali momwemo. Mu Januwale 2025 a Daniel Chapo anakhazikitsa unduna wonse woona za mauthenga ndi kusamutsira ntchito za boma pa kompyuta. Makomo achuluka, manambala achinsinsi achuluka, koma jumbo ija sinachepe.

Chifukwa chake n'chosabisika. Vuto silinali kuchepa kwa masamba a pa intaneti. Vuto ndi maofesi amene sakhulupirirana. Ofesi ina ya boma imakupatsa pepala ndi chidindo chake, ofesi yoyandikana nayo imakuuza kuti ukachite fotokope pepala lomwelo, ukalitsimikize kwa notário, ulipire, ubwere nalo. Boma likutuma nzika kuti ikatenge umboni kwa boma n'kukaupereka kwa boma, pa ndalama ya nzikayo, pa chapa ya nzikayo. Ngati polowera pamodzi pakutanthauza kuti ulowa ndi nambala imodzi kenako upeza maofesi omwewo akufunabe mafotokope omwewo, koma tsopano ojambulidwa ndi foni, ndiye kuti tangosamutsa mzere kuuchotsa pakhonde kuuika m'manja. Dziko la Estonia, limene alangizi amakonda kulitchula m'misonkhano ya m'mahotela, silinatchuke chifukwa cha tsamba lokongola. Kuyambira 2001 linalumikiza mabuku a maofesi ake kudzera mu X-Road, ndipo linagwira mfundo yakuti ofesi isafunse nzika chinthu chimene boma lili nacho kale. Mfundo imeneyo imamanga manja a wogwira ntchito m'boma. N'chifukwa chake sitiimva kawirikawiri pamiyambo yotsegulira. Kugula makompyuta kuli ndi tenda, kuli ndi maulendo, kuli ndi ma per diem. Kuletsa ofesi kufuna pepala kumaphwetsa kasupe wa ziphuphu zimene timazitcha refresco, ndipo tonse tikudziwa kuti mbuzi imadya pomwe aimangirira.

Koma tiyerekeze kuti zatheka, maofesi alumikizana, khomo ndi limodzi. Pamenepo ndi pomwe funso langa lenileni likuyambira. Kiyi wa khomolo adzakhala ndi ndani?

Okonza zinthuzi amaganizira mwini kampani wokhala ndi laputopu, imelo yake, foni yake yosasintha nambala, amene amawerenga Chipwitikizi cha malamulo ngati akumwa madzi. Wogula chimanga ndi soya ku Luia sali choncho. Mayi wa banka ya sopo, mchere ndi mafuta pamalire sali choncho. Tsiku limene adzauzidwe kuti laisensi ndi msonkho zonse zili pa intaneti, adzapita kwa amene amadziwa. Adzapita kwa contabilista wa mumzinda, kapena kwa mnyamata wa pamalo ochitira fotokope, kapena kwa mphwake amene anafika kalasi ya 12. Ameneyo ndiye adzatsegule akaunti, adzaike imelo yake, adzaike nambala yake ya foni kuti uthenga wotsimikizira uzifika kwa iye, adzasankhe nambala yachinsinsi. Mwini bizinesi adzabwerera kwawo ndi kapepala kolembedwa ndi cholembera, kapena wopanda ngakhale kapepalako. Kuyambira tsiku limenelo, munthu wina angathe kuona zonse zimene wagulitsa, ngongole zake kuboma, mayina a antchito ake. Angathe kupereka lipoti la msonkho m'dzina lake kapena kusalipereka. Ndipo akadzayambana, angathe kumutsekera kunja kwa bizinesi yake yomwe. Pamene makomo anali asanu, wokuchita chipongwe amakulanda limodzi. Likakhala limodzi, wakulanda zonse.

Taganizirani za maliro. Mwini sitolo wamwalira m'nyengo ya dzinja. Masiku a jumbo, mkazi wamasiye amaitulutsa pamaso pa abale ndi a mfumu, aliyense n'kuona chimene chinalembedwa ndi dzina limene linalembedwa. Mikangano inalipo, ndipo kwathu kuno, kumene mbumba ndi ana amakokerana chuma cha malemu, siyachilendo, koma umboni unali poyera. Nanga mapepala onse akakhala kuseri kwa nambala imene ankaidziwa malemu yekha, kapena mphwake yekha? Uthenga wotsimikizira ukupita ku SIM khadi imene yagona m'foni yakufa, ndipo ikakhala nthawi osagwiritsidwa ntchito kampani ya mafoni imaitseka. Wamasiye achita bwanji? Apita ku Tete ndi kalata ya imfa kukagogoda ofesi iti? Ndipo m'midzi ya kumalire, kumene Katete ali pafupi kuposa Tete, kumene kwacha ya Zambia imayenda m'misika limodzi ndi metikali ndipo foni imakoka netiweki ya kutsidya, tsamba lofuna nambala ya ku Mozambique yokha lamutaya kale munthu asanayambe n'komwe.

Izi si zifukwa zokanira. Ndi zinthu zoti zikonzedwe chisanamangidwe chinthucho, ndipo njira zake zimadziwika. Mwini bizinesi akhale ndi kiyi wake, womangidwa pa chiphaso chake cha BI. Wom'thandiza akhale ndi kiyi wina wosiyana, wolembedwa dzina lake, wotsegula zokhazo zimene wapatsidwa: wa msonkho aone za msonkho, asakhudze umwini wa kampani. Chilichonse chimene wothandizayo wachita chisiye phazi, ndipo mwini alandire uthenga pafoni. Koposa zonse, mwiniwake athe kufika ku ofesi ya zachuma ya SDAE kuboma ku Chifunde, nkhope yake ndi BI yake, n'kunena kuti uyu ndamuchotsa, ndipo zichitike tsiku lomwelo. Ku Rwanda, pamene anayambitsa Irembo mu 2015, sananamizire kuti aliyense ali ndi kompyuta. Anaika othandiza ovomerezeka m'madera, analola kulowa ndi kafoni ka mabatani, ndipo analemba m'Kinyarwanda. Mkhalapakati sangathe, adzakhalapo ndithu. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko amadziwika ndipo angathe kuyankha mlandu, pamene kwathu adzakhala mumdima, akulipiritsa zimene wafuna.

Pali ena amene amati anthu akumudzi ndi otsalira, sadzatha. Bodza limeneli lithe. Anthu omwewa amatumiza ndalama pa M-Pesa ndi e-Mola tsiku ndi tsiku, amasunga PIN pamtima, amadziwa kusiyanitsa uthenga weniweni ndi wa akuba kuposa ena ovala mataye. Vodacom ndi Movitel sanadikire kuti anthu aphunzire kompyuta. Ankafuna ndalama za anthuwo, choncho anapanga chinthu chogwira pa kafoni kotchipa ndipo anaika ma ajenti pansi pa mitengo. Boma likalephera kuchita zomwezo, tisanene kuti anthu alephera. Tinene kuti boma silinawafune mokwanira.

Za chilankhulo ndinene mwachidule, poti zimandipsetsa mtima ndikazitalikitsa. Kalembera wa 2017 anapeza kuti anthu akuluakulu 39 pa 100 alionse m'dziko muno sadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo amene Chipwitikizi ndi chilankhulo chawo chobadwa nacho sakwana mmodzi mwa asanu. Malamulo aakulu a dziko amati Chipwitikizi ndicho cha boma, koma omwewo amalamulanso boma kulemekeza ndi kukweza zilankhulo zathu. Nyengo ya kampeni, ofuna mavoti amadziwa bwino Chinyanja, ena mpaka amavina nafe. Nyengo ya msonkho, Chinyanja chimawathawa. Kutsidya ku Malawi, bungwe la misonkho la MRA linayesako n'kutcha tsamba lake Msonkho Online. Dzina lokha silikwanira, koma likusonyeza kuti wina anakumbukira kuti wokhomayo amalankhula chiyani. Za magetsi sindinena zambiri: damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwechi, limatha kupanga ma megawati 2,075, ambiri amapita ku South Africa, ndipo wamalonda wa m'mudzi mwa Chifunde amatchajitsa foni pa sola ya mnansi.

Tsopano za tsiku limene khomolo lakana kutseguka. Palibe Mmozambiki amene sadziwa mawu aja a pawindo, não há sistema, bwerani mawa. Mu Novembala 2018 makina a ATM ndi makadi a mabanki ambiri anaima masiku angapo m'dziko lonse chifukwa cha mkangano wa SIMO, kampani yolumikiza mabankiwo, ndi kampani yachipwitikizi ya Bizfirst imene inali ndi pulogalamu yake. Anthu anali ndi ndalama zawo m'banki, koma sakanatha kugula mpunga. Zimenezo ndi zimene zimachitika zonse zikadutsa pa ulusi umodzi ndipo lumo lili ndi mlendo. Mu Febuluwale 2022 akuba a pa intaneti anagwetsa masamba ambiri a boma tsiku limodzi. Ku Malawi, kumayambiriro kwa 2024, kusindikiza mapasipoti kunaima milungu ingapo, ndipo pulezidenti wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anauza nyumba ya malamulo kuti makina alandidwa ndi anthu ofuna dipo. Ndipo chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 chitadutsa, pamene misewu inadzaza ndi zionetsero, intaneti ya m'mafoni inkadulidwa ndipo Facebook ndi WhatsApp zinatsekedwa. Pamenepo panalibe wakuba wochokera kunja. Dzanja limene likutiitana kuti tisamutsire moyo wa bizinesi zathu pa intaneti lili m'dziko lomwelo limene intaneti imazima ndale zikatentha.

Ndiye tigwirizane chinthu chimodzi, chilembedwe m'lamulo osati m'malonjezo a pawailesi. Sistema ikagwa, tsiku lomaliza kulipira lisunthe lokha, ndipo multa isawerengedwe. N'chipongwe chosaneneka kuti boma lilephere kutsegula khomo lake kenako lilipiritse chindapusa munthu amene anaima panja. Chimodzimodzinso, chimene tsamba la boma likuonetsa chikhale umboni wokwanira kwa fiscal, kwa wapolisi, kwa banki, kwa ofesi ya tenda. Wogwira ntchito wonena kuti ine za pafoni sindizidziwa, ndikufuna pepala la chidindo, ndiye alangidwe. Ndipo zikalembedwa molakwa, monga dzina lopotoka kapena ngongole ya msonkho imene munthu analipira kale, pakhale masiku owerengeka oti ofesi ikonze. Ndime 71 ya malamulo aakulu a dziko imapatsa kale munthu ufulu woona zimene zalembedwa za iye ndi kuzikonzetsa. Ufulu umene uyenera kukwerera chapa kupita ku Tete katatu si ufulu wa munthu wa ku N'sadzo.

Pali mbali ina imene okamba za boma la pa kompyuta amaidumpha, ndipo kwa ife a ku Chifunde ndiyo yowawa kwambiri. Zenera limeneli likuyang'ana mbali imodzi. Cholinga chimene sabisa n'chakuti amalonda ang'onoang'ono alowe m'kaundula, aoneke, akhome. Lamulo la 2009 linabweretsa ISPC, msonkho wopepuka wa 3 peresenti pa zogulitsa za wamalonda wamng'ono, ndipo palibe cholakwika kuti wopeza phindu apereke gawo lake. Koma ngati boma likufuna kuona m'kabuku ka mayi wa banka, nafenso tikufuna kuona m'mabuku a boma okhudza dera lathu.

Tili ndi chifukwa chofunira. Fodya wa kuno amalimidwa pa dongosolo lakuti kampani imodzi imapatsidwa dera, imakongoza mbewu ndi feteleza, ndipo ndiyo yokha yogula. Cha m'ma 2005 dera la Chifunde linachotsedwa m'manja mwa Dimon n'kuperekedwa kwa Mozambique Leaf Tobacco, kampani ya Universal Corporation ya ku America. Alimi anangomva kuti wogula wasintha. Mu Ogasiti 2010 bungwe loyang'anira misika ya masheya ku America, SEC, linasumira Universal, ndipo mwa zina linati kampaniyo inapereka ndalama zoposa madola 165,000 kwa akuluakulu a boma la Mozambique pofuna ufulu wogula fodya yokha ndi malamulo oikomera. Dzina la Chifunde linatchulidwa m'nkhaniyo. Kampaniyo inathetsa mlanduwo polipira, osavomera kapena kukana. Taonani kumene mlimi wa ku Mualadzi akanayenera kupita kuti adziwe mmene wogula fodya wake anasankhidwira: ku Washington, m'Chingerezi, patapita zaka zisanu. Palibe ofesi ya kuno imene inamuitana kudzamuonetsa pepala.

Za miyala n'chimodzimodzi. Boma lili kale ndi mapu a pa intaneti a ziphaso za migodi, pamene munthu wokhala ku Johannesburg kapena ku Perth angathe kuona kampani imene yapatsidwa chigawo chakutichakuti cha nthaka. Chimenechi n'chabwino, ndipo chikutsimikiza kuti akafuna amatha. Koma anachipangira ofuna kuika ndalama. Mfumu imene manda a makolo ake ali pansi pa kabokosi ka pamapupo imadziwa tsiku limene galimoto zafika, ndipo anyamata okumba golide m'makwawa amadziwa tsiku limene athamangitsidwa. Kulembetsa eni ake enieni a makampani, amene amabisala kuseri kwa mayina a ena, kunafulumira pokhapokha bungwe la FATF litaika Mozambique pa mndandanda wa mayiko oyang'aniridwa mu Okutobala 2022. Akunja akakwiya, kaundula amakonzedwa msanga. Ndipo dziko limene linabisira nyumba yake ya malamulo ngongole za madola oposa 2 biliyoni za Ematum, ProIndicus ndi MAM, mpaka zinaululika mu 2016 n'kugwetsa metikali m'matumba mwathu tonse, lilibe nkhope youza wogulitsa tomato kuti vuto la chuma chathu ndi iye amene sanalembetse.

Choncho munthu akalowa pa khomo limodzilo, asangoona ngongole zake. Aone mndandanda wa misonkho ndi ziphaso zonse zovomerezeka m'boma la Chifunde ndi mitengo yake, kuti wobwera ndi kabuku ka malisiti pamsika asamatchule mtengo wa m'mutu mwake. Aone amene wapatsidwa dera la fodya, kwa zaka zingati, pa mfundo zotani. Aone ziphaso za migodi ndi ziphaso za malo za DUAT zazikulu za m'dera lake ndi mayina a eni ake enieni. Aone amene anapambana tenda ya mlatho kapena ya sukulu, ndi ndalama zake. Zonsezi boma lili nazo kale m'makabati. Kuziika poyera sikufuna luso loposa limene likufunika poika ngongole ya mwini chigayo.

A nduna a za mauthenga a Américo Muchanga ndi anzanu, tsiku lotsegulira lisachitikire mu hotela ya ku Maputo ndi chithunzi chachikulu pakhoma. Bwerani nalo ku Cassacatiza m'mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati, pa kafoni ka mabatani, ndipo woyesa akhale mayi amene sanapite patali ndi sukulu, wopanda wom'gwira dzanja. Chaka chikatha, musatiuze chiwerengero cha maakaunti otsegulidwa m'dziko lonse, poti contabilista mmodzi angathe kutsegula 100 ali pampando umodzi. Mutiuze, boma ndi boma, kuti ndi eni bizinesi angati amene nambala ya foni ya pa akaunti ndi yawoyawo, ndi angati anachotsa wothandiza n'kubwezeredwa kiyi popanda kupita ku Tete, ndiponso ndi mapepala angati amene maofesi analetsedwa kuwafunanso.